KHASU LOBWEREKA M'DZINJA

Pali funso limene mayiko ambiri amalizemba nkhondo ikangotha. Mnyamata amene boma linamchotsa pasukulu kapena pamunda wa makolo ake n'kumsenzetsa mfuti, akabwerako wamoyo nanena kuti akufuna kuphunzira, kodi anthu amene anatsala kumudzi ayenera kumlipirira? Ambiri a ife tingayankhe mwamsanga kuti inde, poti kukana kungaoneke ngati kuuma mtima. Komatu kuvomera kothamanga sikutithandiza kwenikweni, chifukwa anthu atatu angathe kuvomereza chinthu chimodzi pa zifukwa zitatu zosiyana, ndipo chifukwa chimene munthu wavomerera ndicho chimalamula kaperekedwe kake. Woyamba amati timthandize popeza ndi womvetsa chisoni. Wachiŵiri amati timthandize popeza ndi ngwazi. Wachitatu amati timthandize popeza tinabwereka chinthu chake ndipo sitinabweze. Ine ndili kumbali ya wachitatuyu, ndipo ndifuna kuonetsa kuti aŵiri oyambawo, ngakhale mitima yawo iyere chotani, amathera pomlakwira msilikali yemwe akuti akumthandizayo.

Tiyambe ndi mlandu wakumudzi. Munthu wabwereka khasu lokhalo limene mnzake anali nalo, mvula yobzalira itangogwa. Walima nalo, wapalira nalo, wabandira nalo, ndipo akudzalibweza m'masika anthu akukolola. Kodi ameneyu wabweza? Chitsulo chabwera, mpini wabwera, koma m'nkhokwe ya mwinikhasu mukuseŵera makoswe. Chimene anatenga munthu uja si chitsulo ayi. Anatenga dzinja, ndipo dzinja likapita silibwerera chifukwa cha munthu mmodzi. Pabwalo la mfumu mlandu wotere suchedwa. Akuluakulu amangoti, "Mpatseni mnzanuyu chakudya cha chaka chino ndi mbewu ya chaka chamaŵa." Palibe amene angatche chimanga chimenecho mphatso, ndipo palibe amene angayembekeze mwinikhasu kugwada pochilandira.

Zaka za pakati pa 18 ndi 25 ndilo dzinja la munthu. Ndi pamene amaphunzira ntchito, amalemba mayeso, amafunsira mbeta, amamanga kanyumba kake koyamba. Ndi zaka zomwezonso zimene gulu lankhondo limafuna, poti mafupa akadali olimba ndipo mutu sunayambe kufunsa mafunso ambiri. Tsono dziko likamtenga munthu pa msinkhu umenewu, limatenga nyengo yake yobzala. Kumbweza kwawo ndi miyendo yonse iŵiri n'kubweza chitsulo ndi mpini chabe. Maphunziro ndiyo mbewu ija.

Dziko limene lalimbana ndi funsoli kwa nthaŵi yaitali, kwina kulikhoza kwina kulilakwa, ndi America, choncho tiyeni tione kumeneko. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo athu kuno ankaitcha ya Chiwaya, itatha mu 1918, msilikali wa ku America ankapatsidwa madola 60 ndi tikiti ya sitima yopitira kwawo, basi. Mu 1924 Nyumba ya Malamulo inavomera kuwaonjezera dola imodzi pa tsiku lililonse limene anatumikira m'dziko momwemo, ndi dola imodzi ndi masenti 25 pa tsiku la kutsidya kwa nyanja. Koma ndalamazo zinali pa chipepala choti adzasinthe mu 1945. Chuma cha dzikolo chitagwa mu 1929, njala siinadikire 1945. Mu 1932 asilikali akale pafupifupi 17,000, ambiri mwa iwo ali ndi akazi ndi ana, anakamanga zisakasa mumzinda wa Washington kupempha kuti alipidwe. Pa 28 Julaye apolisi anaombera aŵiri mwa iwo, ndipo tsiku lomwelo General Douglas MacArthur anadza ndi asilikali apakavalo, akasinja ndi utsi wokhetsa misozi, nawapirikitsa, zisakasa zawo n'kupsa ndi moto. Akale anati chikumbutsa nkhwangwa n'chisanu. Chisanu chinali chitatha, ndipo nkhwangwa inali itaponyedwa kuseri kwa nyumba.

Manyazi a tsiku limenelo sanaiŵalike. Nkhondo yachiŵiri isanathe, bungwe la asilikali akale la American Legion, kudzera mwa loya Harry Colmery amene analemba mfundo zoyamba, linalimbikira lamulo limene Pulezidenti Franklin Roosevelt anasayina pa 22 Juni 1944, lodziŵika ndi dzina loti GI Bill. Munthu amene anatumikira masiku 90 kapena kuposerapo, ndipo sanachotsedwe mwamanyazi, boma linkamlipirira fizi ndi mabuku kufikira madola 500 pachaka, ndi kumpatsa madola 50 pamwezi a chakudya ndi pogona, kapena 75 ngati ali ndi banja. Pamwamba pa chaka choyamba cha maphunziro ankamuonjezera nthaŵi yolingana ndi imene anakhala m'gulu lankhondo, kulekeza pa zaka zinayi. Pofika 1956 anthu pafupifupi 7.8 miliyoni mwa asilikali 16 miliyoni anali ataphunzira sukulu kapena ntchito yamanja ndi ndalama zimenezi, ndipo 2.2 miliyoni mwa iwo anapita kukoleji kapena kuyunivesite. Mu 1947 pafupifupi theka la onse oloŵa m'makoleji a dzikolo anali obwera kunkhondo.

Taonani muyeso umene anagwiritsa ntchito. Sanaŵerenge mabala, sanaŵerenge mamendulo, sanafunse kuti unapha angati, anaŵerenga miyezi. Lamulolo linkanena za munthu amene maphunziro ake anachedwetsedwa kapena kudulidwa ndi nkhondo, ndipo aliyense amene analoŵa usilikali asanapitirire zaka 25 ankatengedwa kuti ndi wotero, popanda kumfunsa umboni. Uku ndi kuganiza kwa pabwalo la mfumu kuja. N'zoona kuti aphungu ambiri anavomera chifukwa cha mantha, poopa anyamata mamiliyoni odziŵa mfuti akuyendayenda m'misewu opanda ntchito. Koma ngongole yobwezedwa ndi mantha ndi ngongole ndithu, ndipo mwini wake saifunsa kuti yabwera ndi mtima wotani.

Tsono n'chifukwa ninji ndikukana chifundo? Chifukwa chifundo chimayang'ana pansi, ndipo amene wakuchitira chifundo wayamba kale kukukayikira. Kumapeto kwa 1944 Robert Hutchins, mkulu wa University of Chicago, anachenjeza kuti lamuloli lidzasandutsa masukulu aukachenjede misasa ya malova, ndipo James Conant wa ku Harvard anadandaula kuti silikusiyanitsa amene angapindule ndi maphunziro apamwamba ndi amene sangathe. Kukayika kwa akuluakuluŵa ndi chifundo cha anthu ena ndi ana a mimba imodzi. Onse amaona msilikali ngati munthu wosakwana. Kungoti wina amati musamlole, wina amati mloleni koma mumchepetsere mayeso. Asilikaliwo anabwera ndithu. Ambiri anali okwatira, akugona m'tinyumba tamalata totsala kunkhondo, akuŵerenga mwana ali pamwendo. Patapita zaka zoŵerengeka Conant yemweyo anavomera kuti Harvard inali isanaonepo ophunzira okhwima maganizo ngati amenewo. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko sikaoneka ngati eni mudzi atanganidwa ndi kumlira mlendoyo.

Sindikubisa kuti ena amabwera ovulala, m'thupi ndi m'maganizo momwe. Mu 1980 madokotala a matenda amaganizo ku America analemba kwa nthaŵi yoyamba m'buku lawo lalikulu nthenda ya munthu amene zoopsa zimene anaona zimambwerera kutulo ndi masana omwe, ndipo asilikali ochokera ku Vietnam ndiwo ena mwa amene anamenyera kuti izindikirike. Munthu wotere ayenera dokotala, ayenera nthaŵi, ayenera mpando wapafupi ndi chitseko ngati ndiwo akuufuna. Zimenezi zili m'kati mwa ngongole ija, pakuti khasu likabwera lobenthuka wobwereka ndiye amakalisulitsa. Koma digiri yochepetsedwa si mankhwala ayi. Kumpatsa munthu malikisi amene sanawagwirire ntchito kuli ngati kumpatsa mbewu yokazinga: lero aseka, koma akabzala sipamera kanthu. Ndiponso chifundo chimatopa. Chimakula pamene mitembo ikubwera, chimafota pamene manyuzipepala apeza nkhani ina. Wophunzira wa zaka zinayi sangamange moyo wake pa chinthu chofota m'miyezi itatu.

Nanga wachiŵiri uja, wonena za ungwazi? Mawu ake amakoma pa tsiku la chikumbutso pamene malipenga akulira, koma pansi pake pali mbuna. Asilikali ambiri saombera mdani n'kamodzi komwe. Ena ndi ophika, ena oyendetsa malole, ena alembi, ena amakanika; komabe zaka zawo zinadyedwa chimodzimodzi. Ngati muyeso ndi ungwazi, wophika alandira chiyani? Ndipo choopsa kwambiri n'chakuti ungwazi umadalira mmene anthu akuionera nkhondoyo, pamene maganizo a anthu amatembenuka ngati mphepo ya m'Okutobala.

Nkhondo ya ku Vietnam ndiyo inaonetsa zimenezi poyera. Lamulo la 1966 lothandiza asilikali a nthaŵi imeneyo linayamba ndi madola 100 pamwezi, momwemo fizi, momwemo chakudya, fizi itakwera kale kutali ndi ya 1944. Ndipo amene anakwanitsa kufika pakoleji anapeza anzawo ambiri akudana ndi nkhondo imene iwo anachokerako. Ine ndikuganiza kuti ophunzira otsutsa nkhondoyo ankanena zoona. Koma pali chinthu chimene wophunzira aliyense woona mtima anayenera kuchikumbukira. Kufikira 1971, mnyamata amene anali pakoleji ankatha kuchedwetsa kuitanidwa kwake kunkhondo, kotero kuti katunduyo anagwera kwambiri amene analibe ndalama kapena malikisi oloŵera koleji. Mpando umene wotsutsa nkhondo anakhalapo unali wake chifukwa wina anapita m'malo mwake. Nkhondo amaipangana ndi akuluakulu a imvi m'maofesi ozizira bwino. Ngati anaipangana molakwa, ngongole yawo kwa mnyamata amene anamtuma siichepa. Imakula, poti dzinja lake linapita pachabe.

Izi sizitanthauza kuti yunifomu imatsuka mlandu. Pa 16 Malichi 1968 asilikali a America anapha anthu wamba mazanamazana m'mudzi wa My Lai, akazi, ana ndi nkhalamba, ndipo William Calley anapezeka wolakwa mu 1971. Tsiku lomwelo la kupha, pamalo omwewo, Hugh Thompson anatsitsa helikopita yake pakati pa asilikali anzake ndi anthu othaŵa kuti awapulumutse. Anthu aŵiriŵa anavala nsalu imodzi. Dzanja la munthu limayankha lokha pa zimene linachita, ndipo malo ake ndi pabwalo la milandu. Chimene ndikukana n'kumsenzetsa mnyamata wa zaka 19 mlandu wa nkhondo yonse, kapenanso kumveka ulemerero wa nkhondo yonse.

Pali china. Mphotho ya ngwazi imadza ndi chingwe: wolandira aziyamika, azikhala chete, azinena za nkhondo zokhazo zimene opereka akufuna kumva. Mu Epulo 1971 asilikali mazanamazana obwera ku Vietnam anaponya mamendulo awo pakhomo pa Nyumba ya Malamulo ku Washington posonyeza kuti nkhondoyo inali yoipa. Kwa munthu wokhulupirira za ungwazi, amenewo anali osayamika oyenera kuwalanda fizi. Kwa munthu wokhulupirira za ngongole, palibe chimene chinasintha. Mwinikhasu angathe kulandira chimanga chake n'kukuuza pamaso kuti munda umene unalima ndi khasu lake unali wolanda.

Ngati tavomerezana kuti ndi ngongole, ndiye kuti iyenera kubwezedwa ndi ndalama yeniyeni, ndiponso kwa onse amene tinawatengera. Apa ndi pamene mbiri ya GI Bill imachita mdima. Papepala lamulolo silinasankhe khungu. Koma phungu John Rankin wa ku Mississippi, amene ankatsogolera komiti yoona za asilikali akale, analimbikira kuti kayendetsedwe kake kakhale m'manja mwa akuluakulu a m'zigawo, mabanki ndi masukulu eni ake. Boma linkalipira fizi, koma silinkatsekula chitseko. Anthu akuda oposa miliyoni imodzi anatumikira pankhondoyo, ambiri mwa iwo ochokera kummwera kwa dzikolo, kumene lamulo linkaletsa munthu wakuda kuphunzira pamodzi ndi mzungu. Makoleji a anthu akuda anali ochepa, aang'ono ndi osauka. Anadzaza, nabweza zikwizikwi pakhomo. Akatswiri a zachuma Sarah Turner ndi John Bound, atafufuza nkhaniyi mu 2003, anapeza kuti lamulolo linakweza maphunziro a azungu ndi a akuda obadwira kunja kwa chigawo chakummwera, koma kwa akuda obadwira kummwera silinasinthe zambiri. Pa ngongole za nyumba, minda ndi malonda zimene boma linaikira chikole ku Mississippi mu 1947, zokwana 3,229, ziŵiri zokha ndizo zinapita kwa anthu akuda.

Medgar Evers anatumikira ku France, nabwerera kwawo ku Mississippi, naphunzira ndi GI Bill pa koleji ya anthu akuda ya Alcorn kuyambira 1948 mpaka 1952. Atafunsira malo ophunzira zamalamulo pa University of Mississippi mu 1954, anamkana. Anamuombera pakhomo pa nyumba yake pa 12 Juni 1963 chifukwa chomenyera ufulu wa anthu akuda, ndipo anamuika m'manda a asilikali a ku Arlington ndi ulemu wonse. Dziko linampezera malo pakati pa ngwazi zakufa, litalephera kumpezera mpando m'kalasi ali moyo. James Meredith, amene anatumikira zaka 9 m'gulu lankhondo lamumlengalenga, analoŵa payunivesite yomweyo mu Okutobala 1962, koma panachitika chipoloŵe chimene chinapha anthu aŵiri, ndipo Pulezidenti Kennedy anachita kutumiza asilikali zikwi zambiri kuti msilikali wakale mmodzi akamvere phunziro.

Ndalama yachinyengo ili ndi nkhope inanso. Lamulo la 2008 litaonjezera thandizo kwa obwera ku Iraq ndi ku Afghanistan, masukulu ena ochita malonda anaona mwayi. Lamulo linkawaletsa kupeza zoposa magawo 90 mwa 100 a ndalama zawo kuchokera ku thandizo la boma la ophunzira, koma ndalama za GI Bill sizinkaŵerengedwa m'gulu limenelo. Motero dola iliyonse ya msilikali inkawatsekulira njira ya madola ena 9. Anayamba kusaka asilikali ngati alenje. Corinthian Colleges inatsekedwa mu 2015, ITT Technical Institute mu 2016, ndipo asilikali akale zikwi zingapo anatsala opanda digiri, miyezi yawo ya thandizo itadyedwa. Lamulo la 2017 linawabwezera ena miyeziyo, ndipo la 2021 linatseka mpata uja. Phunziro lake n'lakuti wobweza ngongole sangangoponya ndalama pamsewu n'kumati ndabweza. Ayenera kuona kuti yafika m'manja mwa mwini.

Ife sitingaŵerenge nkhani ya Evers ngati ya anthu akutali, chifukwa nkhondo imene iye anamenya inatenganso agogo athu. Amuna pafupifupi 30,000 a ku Nyasaland analembedwa usilikali, ambiri mu King's African Rifles, ndipo anamenya ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar, ndi m'nkhalango za Burma mu 1944. Mapepala a boma la Britain amene atolankhani anaulula mu 2019 akusonyeza kuti pomaliza ntchito msilikali wamba wachizungu ankalandira mashilingi 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene wakuda wa udindo womwewo ankalandira atatu ndi theka. Nawonso anaŵerenga miyezi, koma anati mwezi wa munthu wakuda ndi waufupi. Britain inali itakhazikitsa kale mu 1943 njira yolipirira maphunziro apamwamba a anthu ake obwera kunkhondo. Nanga msilikali wa ku Ntcheu kapena ku Mulanje, amene anaphunzira kuŵerenga, kuyendetsa lole ndi kukonza wailesi ali kunkhondo, akanapita kuti? M'dziko lonse munali masukulu a sekondale aŵiri okha, ya Blantyre ya 1940 ndi ya Zomba ya 1942, ndipo yunivesite inadzatsekulidwa mu 1965, mnyamata wa ku Burma uja atayamba kale imvi. John Chilembwe anali atafunsa kale, m'kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, kuti anthu akuda adzapindula chiyani nkhondo ya azungu ikadzatha. Linali funso la ngongole. Chipilala cha ku Zomba n'chachitali, koma chipilala sichiyankha funso lotere. Mlandu suola.

Tsopano ndiyenera kumva amene akunditsutsa, pakuti ali ndi mfundo zolimba. Wina angati, ngati muyeso ndi dzinja lotengedwa, nanga ena amene dziko linawatengera zaka popanda kuwapatsa mfuti? Mu 1974 Bwalo Lalikulu la America linaŵeruza mlandu wa William Robison, amene anakana kugwira mfuti chifukwa cha chikhulupiriro chake, nagwira ntchito zaka ziŵiri m'chipatala ku Boston monga lamulo linkafunira kwa okana nkhondo. Atapempha thandizo la maphunziro anamkana, ndipo oŵeruza 8 mwa 9 anagwirizana ndi boma, ponena kuti moyo wa msilikali umasokonezeka kwambiri kuposa wa munthu wogwira ntchito m'chipatala. Ine ndikuona kuti oŵeruzawo anagwira muyeso woyenera, wa kusokonezeka kwa moyo osati wa ungwazi, koma anayeza molakwa. Ngati dzinja la Robison linaonongeka pang'ono, akanambwezera pang'ono. Kusambwezera konse kunali kumlanga chifukwa cha chikumbumtima chake. Mfundo ya ngongole siitseka khomo kwa anthu otere ayi, imalikulitsa.

Wina angati, msilikali wa masiku ano amadzipereka yekha ndipo amalandira malipiro. Ngongole ikuchokera kuti? Ku America kulemba anthu mokakamiza kunatha mu 1973. Yankho langa n'lakuti waganyu akatopa amaika khasu pansi n'kupita kwawo, kalaliki akakangana ndi bwana amalemba kalata yosiya ntchito. Msilikali akachita zomwezo amamangidwa. Malipiro a pamwezi amalipira thukuta la mweziwo. Salipira ufulu wokana umene munthuyo anapereka, salipiranso zaka zimene anzake anadzikundikira luso logulitsika pamsika, iye akuphunzira luso limene palibe kampani ingaligule.

Chotsutsa chachitatu ndicho chimandisautsa koposa. Lamulo la 1984, lotchedwa ndi dzina la phungu Montgomery, linapangidwa mwadala kuti likope achinyamata kuloŵa usilikali: upereke madola 100 pamwezi kwa chaka chimodzi, utumikire, ndipo udzaphunzira. Pamenepa ngongole yasanduka nyambo. Mwana wa wolemera amaloŵa yunivesite kudzera m'thumba la atate ake, mwana wa mmphaŵi kudzera pa msasa wa asilikali, ndipo ena safikako. Kodi pothandiza asilikali akale sitikuthandiza kutchera msampha umenewu? Ndikuvomera kuti msamphawo ulipo. Koma cholakwa sichili pa kulipira amene wabwerako. Chili pa kutseka makomo ena onse kufikira mmphaŵi atatsala ndi khomo limodzi lokha la mfuti. Mankhwala ake ndi kutsekula makomo enawo. Kumana msilikali fizi kuti ena asakopeke kuli ngati kukwapula nsomba yogwidwa kale pofuna kulanga msodzi.

Chatsala ndi gawo lathu, ife ophunzira ndi aphunzitsi, pakuti boma lingalipire fizi koma silingakhale pa benchi imodzi ndi munthu. Asilikali a Malaŵi akhala akutumizidwa kum'maŵa kwa Congo kuyambira 2013, ndipo mu Novembala 2018 asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi Beni. Anzawo anabwerako, ndipo ena mwa otere angadzakhale pambali pathu m'chipinda chophunzirira, akulu kuposa ife ndi zaka khumi, mwina akulu kuposa amene akuwaphunzitsa. Yunivesite iyenera kuwapezera njira yoloŵera yoganizira zaka zimene anakhala kutali ndi mabuku, kuwakonzekeretsa pa masamu ndi kalembedwe zimene zinachita dzimbiri, kuŵerengera zimene akudziŵa kale, kenaka n'kuwapatsa mayeso omwewo amene tonse timalemba. Ngati malo ndi ochepa, aonjezere mabenchi. Ngongole ya dziko lonse isalipidwe ndi mtsikana mmodzi wa ku Chitipa amene anakhoza bwino n'kusoŵa malo.

Ndipo ife eni ake tisamale malilime. Pali mafunso aŵiri amene ophunzira amakonda, ndipo onse ndi oipa. Loyamba ndi lija la chidwi chopanda ulemu: "Achimwene, munaphapo munthu?" Lachiŵiri silituluka pakamwa, limangooneka m'maso: kodi ameneyu mutu ukuyenda bwino? Mafunso onseŵa amambwezera munthu kunkhondo, pamene iye wayenda ulendo wautali kuti achokeko. Akafuna kusimba adzasimba yekha, ndipo tsiku limenelo phunziro la mbiri kapena la filosofi lidzalemera kuposa buku lililonse la m'laibulale. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Asanafike pamenepo, funso lomuyenera ndi lomwe timafunsana tokhatokha pakhonde: "Achimwene, mutu wachitatu uja mwaumva? Tabwerani tiuonere limodzi, mayeso ali Lachisanu." Amene wafunsidwa chotero wadziŵa kuti wafika, ndi kuti dzinja lina, ngakhale lochedwa, layamba.